Malaya Atatu a Atate

Ndikakumbukira Julaye wa chaka chomwe Atate anamwalira, chimayamba kubwera m'maso ndi simenti ya pabalaza pathu ku Kabwata, yofiira ndi polishi, yopanda kanthu pakati. Mipando tinaikankhira kukhoma nthawi ya maliro kuti azimayi apeze pogona, ndipo maliro atatha palibe anaganiza zoibwezera m'malo mwake. Mphepo ya mwezi umenewo inkalowera pansi pa chitseko itasenza fumbi ndi utsi wa mbaula za m'mafulati ena, ndipo m'mawa uliwonse ndinkagwada pasimentipo ndi chiguduli, kupukuta mpaka mawondo achite dzanzi. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, mwana mmodzi yekha m'nyumbamo. Kuseri kwa zingwe zoyanikira zovala anzanga ankasewera waida ndi chiyato, mawu awo ndinkawamva bwinobwino, koma ndikatuluka kukataya madzi ankasiya kuseka n'kumandiyang'ana ngati ndavala chinthu chachilendo. Mmodzi yekha ndiye ankayesa kundikodola, amvekere, "Bwela tisewele," koma ine ndinkangopukusa mutu n'kubwerera m'nyumba.

Atate ankagwira ntchito mu ofesi ina m'tauni, ndipo anali munthu wa malaya ositidwa bwino, kolala yowongoka, cholembera m'thumba. Anadwala miyezi isanu. Chimene ankadandaula kwambiri sichinali ululu koma kuzizidwa. Ngakhale masana dzuwa lili phwee ankapempha kuti tiwafunditse. N'chifukwa chake Amayi anayamba kuwasokera chofunda cha zigamba. Amayi anali telala wa pakhomo, ankasoka madiresi ndi mayunifomu a sukulu pa makina opalasa ndi phazi amene Atate anawagulira atangokwatirana, ndipo kasokedwe ka zofunda zoterezi anakaphunzira kwa mayi wina wa ku Woodlands amene ankamusokera makatani. Chofunda chotere chimakhala nsalu zitatu zosanjikizana: pamwamba zigamba zolumikizidwa mokongola, pakati chinthu chofunda, pansi nsalu ina yaikulu yotsekera. Zapamwambazo Amayi anazisoka ndi timabwalo ta ngodya zinayi ta zitenje zotsala kwa makasitomala awo, mizere khumi ndi itatu, mzere wapakati wofiira wokhawokha. Anamaliza sabata yomwe Atate anapita kuchipatala komaliza. Anazipinda n'kuziika pamwamba pa wadilopu, ndipo sanaziyang'anenso.

Titaika maliro, Azakhali anatenga ulamuliro wa nyumba. Anali mlongo wamkulu wa Atate, mphunzitsi wopuma pantchito wa ku Chilenje, wamtali, wa magalasi okhuthala, ndipo ife a m'tauni tinkawaitana kuti ba Anti. Anatolera zovala zonse za Atate, majekete, mabuluku, nsapato, ngakhale mipango ya m'thumba, n'kuzitsekera m'sutikesi yaikulu, kiyi n'kumangirira pa ngodya ya chitenje chawo. Ananena pamaso pa aliyense kuti pakatha mwezi adzabwera ndi Atate aang'ono, mng'ono wake wa Atate wa ku Katete, kudzagawa katundu wa malemu, ndipo mpaka tsikulo munthu asakhudze kanthu. Pamaliropo panamvekanso manong'onong'o, ndipo ena anatuluka m'kamwa mwa Azakhali omwewo, akuti Amayi anachedwa dala kupita ndi mwamuna wawo kuchipatala, akuti mkazi amadziwa chimene chadya mwamuna wake. Amayi anamva, anangoweramitsa mutu. Tonse tinkadziwa zimene kugawa katundu kumatanthauza. Chaka chapitacho mayi wina wa m'fulati yapamwamba anasiyidwa ndi makatani okha, ana ake akudyera pansi. Amayi ndinkawaona akuima pafupi ndi makina aja, akuwasisita ngati akusisita mutu wa mwana.

Panali chinthu chimodzi chimene Azakhali sanadziwe, ndipo Amayi nawonso sanadziwe. Tsiku lotolera zovala, malaya atatu a Atate anali m'ndowa kubafa kudikira kuchapidwa. Ndinawapeza ndine, ndipo m'malo mokawapereka ndinawabisa pansi pa matiresi anga. Ena anali oyera, kolala itayamba kunyenyeka. Ena a mabokosi ofiirira amene ankavala Loweruka. Ena a mizere yobiriwira, atsopano ndithu, aang'ono kuposa enawo chifukwa anagulidwa Atate atawonda. Ankanunkhira sopo, mafuta a m'tsitsi ndi thukuta pang'ono la m'khosi. Ndikamaliza ntchito za m'nyumba ndinkalowa kuchipinda, kutseka chitseko, kukweza matiresi n'kuika nkhope pamenepo. Ndinkadziwa kuti n'kulakwa, koma ndinkati mwa zinthu zonse za m'sutikesi muja, atatu okha sangawasowe.

Sabata yachitatu Amayi anatsitsa zigamba zija pawadilopu. Anati akufuna kumaliza chofundacho makina akadali m'nyumba, ndipo mawu amenewo anandilasa kuposa kulira kulikonse. Chapakati anali nacho kale, bulangeti lopyapyala la ubweya limene anagula pa salaula, msika wa zovala zakaunjika. Vuto linali nsalu yapansi. Anali ndi zidutswa ziwiri zazitali za nsalu yotuwa yotsala ku mayunifomu, koma atazitandika pasimenti n'kuyeza, pakati panatsala mpata wa zikhatho ziwiri kuchokera kumutu mpaka kumiyendo. Nsalu yapansi iyenera kupitirira yapamwamba ndi zala zinayi mbali zonse, ankatero Amayi, chifukwa posoka imadzikoka, ndipo ukaiyeza ndendende umadzalira pomaliza. Anakhuthula thumba lonse la zigamba, koma munali tizidutswa tosakwana ngakhale dzanja langa. Kenaka anati, "Basi, chidikire." Anavala duku lawo lakuda, n'kunyamula diresi la kasitomala wa ku Chelstone, ulendo wa mabasi awiri, ndipo anandisiya ndekha ndi mpata uja uli yasa pakati pa balaza.

Mpaka lero sindidziwa kuti maganizowo analowera pati. Ndikukumbukira kuti ndinatsuka mbale, ndinasesa pakhonde, ndinaika mbatata pambaula, ndipo nthawi yonseyo maso anali pa mpata uja. Ndinkati chofundachi chinali cha Atate, ndipo sanachifunde. Malaya awo akalowamo ndiye kuti afunda. Ndinkatinso malaya akasokeredwa m'chofunda palibe angawatenge kupita nawo ku Katete. Ndinatenga sizasi yaikulu ya Amayi, imene sankandilola kuigwira, yolemera moti ndinkaitsegula ndi manja awiri. Ndinayamba ndi oyera aja. Ndinachotsa kolala, manja, mzere wa mabatani, n'kutsala ndi msana ndi zakutsogolo. Sizasi inkandilaka, inkaluma nsalu n'kuthawira kumbali, ndipo m'mphepete monse munatuluka ngati mano a sowo. Nditafika pa a mizere yobiriwira ndinazengereza, chifukwa nsaluyo inali yolimba, yatsopano, inkalira poidula, koma ndinapitiriza. Ndinandanda zidutswazo mumpata muja, ndipo zinakwana, zinatsalako. Ndinakhala pambali manja pamawondo, kudikira kuti Amayi adzandiyamikire.

Analowa dzuwa likupendeka, fumbi lili mbuu kumapazi. Anaima pakhomo, chikwama chikadali paphewa, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono monga amachitira munthu wowerenga kalata yoipa. Anakhala pansi pomwepo pasimenti.

"Mwana iwe, wandipha," anatero motsitsa mawu kuti apafupi asamve. "Ukudziwa chimene adzanene? Adzati ndinadula zovala za mwamuna wanga kuti ndikapangire mankhwala. Adzati umboni uja ankaufuna ndi uwu."

Sanandimenye. Kukanakhala bwino akanandimenya. Anatolera zidutswa zonse, makolala ndi manja omwe, n'kupita nazo pambaula pamene mbatata zanga zinali zitapserera. Makolala ndi manja anaponyamo, ndipo nyumba yonse inadzaza fungo la nsalu yopsa. Atatenga msana wa malaya a mabokosi kuti aponyemo, dzanja linaima m'mwamba. Anaununkhiza. Anaima choncho nthawi yaitali, utsi ukuwalowa m'maso, kenaka anabwerera nazo m'nyumba n'kuziika pa makina. M'mawa mwake ndinadzutsidwa ndi kulira kwa makinawo. Anawongola pang'ono pamene akanatha, koma nsalu inali yochepa, motero m'mphepete mwanga mokhotakhota anangomusiya mkati mwa misoko. Pofika masana zidutswa za malaya zinali mzere umodzi wautali, wosokeredwa pakati pa nsalu ziwiri zotuwa zija. Masiku otsatirawo sankandilankhula kupatula kundituma.

Nzeru ya Amayi inali yakuti tisanjikize nsalu zitatuzo msanga, tizigwirize ndi ulusi, chofundacho chiyalidwe pabedi langa zigamba zili pamwamba. Palibe mlendo amatembenuza zofunda za mwana. Za malaya osowawo ankati mwina palibe adzawakumbukire. Achibale ankayembekezeka Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, ndipo ife tinayamba Lachisanu masana. Ndinakolopa simenti kawiri kuti polishi asadetse nsalu. Amayi anasita nsalu yapansi, misoko yonse n'kuitsegula kuti igone, ndipo tinaitandika chafufumimba, kumaso kwake kuyang'ana pansi, misoko kuyang'ana kudenga. Simenti ya polishi imaterera ndipo sungabayepo phini, choncho tinapsinja ngodya ndi m'mbali ndi njerwa zokulungidwa m'manyuzipepala, aliyense kukoka mbali yake mpaka nsalu itakungika koma osatamuka. Pamwamba pake tinayala bulangeti, kulisalaza ndi zikhatho. Pomaliza tinatambasula zigamba zija, ndipo balaza lonse linawala ndi mitundu imene tinali tisanaione m'nyumbamo chiyambire maliro.

Apa m'pamene Amayi anachita zimene sankachita. Nthawi zonse ankati nsalu iliyonse uyambe waipinda kanayi, upeze pakatikati pake, ulembepo ndi kachidutswa ka sopo, ulembenso pakati pa mbali zonse zinayi, kuti zizindikiro za nsalu zitatuzo zikumane. Tsiku limenelo anangoyeza ndi maso. Galimoto iliyonse ikaima panja ankadzutsa mutu. Ine ndinaona kuti mzere wofiira wapamwamba sukuyenda limodzi ndi mzere wa malaya wapansi. Kumutu zinali pamodzi, koma kumiyendo wofiirawo unali utathawira kumanzere ndi zala zitatu. Ndinatsegula pakamwa n'kutsekanso. Munthu amene ndinali nditabweretsa tsoka lonseli ndinalibe mawu m'nyumbamo. Tinayamba kugwiriza kuchokera pakati kupita kunja, misoko italiitali ya ulusi woyera, titagwada pachofundapo. Singano ikabaya nsalu zitatu n'kugunda simenti, tinkaitukula nsonga ndi supuni ya tiyi kuti zala zisatuluke magazi. Tik, tik, supuni ndi singano. Pofika Loweruka m'mawa tinali titadutsa theka, ndipo chakumiyendo kunayamba kutukuka khwinya lalitali limene Amayi ankalisalaza ndi chikhatho, ilo n'kubwereranso.

Odi anamveka Loweruka lomwelo, nthawi ya tiyi isanakwane. Atate aang'ono anali atabwereka galimoto yotsegula kumbuyo kwa mnzawo wa ku Makeni, ndipo mwiniwake ankaifuna Lamlungu, choncho anabwera tsiku limodzi msanga. Ine ndi Amayi tinayang'anana, kenaka tonse tinayang'ana chinthu chimodzi. Nsalu yapansi inkapitirira ndi zala zinayi mbali zonse, monga mwa lamulo lake, ndipo kumutu ndi kumiyendo kunkasuzumira nsonga za mzere wa malaya. Kumutu, pansi pa windo, kunali oyera, ndipo Amayi anakankhirapo thumba la zigamba ndi phazi. Kumiyendo, pafupi ndi khomo, kunali a mizere yobiriwira. Ndinagwada pomwepo, diresi n'kulitambasula, ndipo ndinalonjera alendo ndili chogwada monga mwana wamwambo. Azakhali anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, mwina kudabwa kuti ulemu wotere ndauphunzira liti.

Anapemphera, anamwa tiyi, anafunsana za kumudzi. Ine osasuntha. Mawondo anayamba kuwawa, kenaka anasiya kumva chilichonse. Azakhali anamasula kiyi pachitenje n'kupatsa Atate aang'ono, amene analowa kuchipinda kukatsegula sutikesi, ndipo tinkamva akutulutsa zovala chimodzichimodzi n'kumazikutumula. Azakhali anatsala pampando, mapazi ali m'mphepete mwa chofunda, kapu m'manja, maso ali pa zigamba. Zaka zonse za uphunzitsi wawo ankaphunzitsa atsikana kusoka, ndipo ankadziwika kuti msoko wokhota ankaumasula pamaso pa kalasi yonse. Ndinaona maso awo akutsata mzere wofiira kuchokera kumutu, pang'onopang'ono, mpaka kudzafika pa khwinya lija, kenaka pa mawondo anga.

"Ichi chapotoka," anatero.

"N'cha mwana chabe, alamu," Amayi anayankha. "Chikhala choncho."

"Mwana alibe msana? Mukachichapa kamodzi chidzakhala ngati chikwama. Iwe, dzuka apo, bwera ndi sizasi."

Sindinadzuke. Anabwereza, mawu atakwera pang'ono, ndipo ndinayang'ana Amayi kuti andithandize, koma iwo ankayang'ana pansi. Azakhali anaika kapu pansi, anagwada okha, n'kuyamba kusolola ulusi woyera uja ndi chala. Misoko yogwirizira simalimba, imatuluka ngati ukusolola udzu. Anapinda zigamba kuzibweza m'mbuyo, anapindanso bulangeti, ndipo mzere wa malaya unaonekera, wa mabokosi, wa mizere yobiriwira, kuchokera pakati mpaka kudzalowa pansi pa diresi langa. Kunja ana ankaimba nyimbo ya waida. Azakhali anaika chala chachikulu pa mizere yobiriwirayo osachichotsa. Ndinadzamva pambuyo pake kuti malaya amenewo anagula ndi iwo ku Kamwala, ataona mlongo wawo akusambira m'malaya ake akale.

Nthawi yomweyo Atate aang'ono anatulukira pakhomo la kuchipinda, jekete la Atate lili pamkono, akufunsa kuti malaya a mizere aja ali kuti, chifukwa anawaona kuchipatala ndipo m'sutikesi mulibe. Sanamalize. Anaona pamene panali chala cha Azakhali, ndipo mawu awo anadzaza fulati yonse. Anati zimene ankanena anthu pamaliro zija si izi, anati mkazi wodula zovala za mwamuna wake manda asanaume ndi mkazi wotani, anati makolala ndi manja zapita kwa sing'anga uti. Ndinamva mazenera a apafupi akutseguka. Amayi anagwada, manja pamodzi, n'kuyamba kuti, "Alamu, ndalakwa ndine," ndipo ndinazindikira kuti akufuna kusenza zonse okha.

"Ndinadula ndine!" Mawu anatuluka aakulu kuposa mmene ndinkafunira. "Ndinawabisa pansi pa matiresi. Amayi anali ku Chelstone. Ndinkafuna kuti Atate afunde."

Atate aang'ono anaseka kuseka kopanda chimwemwe, n'kunena kuti mwana wamuphunzitsa bwino zonena. Azakhali anandikankha pang'ono kuti ndichoke pamene ndinagwada, ndipo miyendo itakana anandikoka ndi dzanja. Kenaka anaweramira pansaluyo, magalasi pafupi, n'kuyamba kutsegula misoko ndi chikhadabo. Popeza nsaluyo inali chafufumimba, zonse zimene zimabisika mkati mwa chofunda zinali poyera. Mbali ya nsalu yotuwa, imene anadula Amayi, inali yowongoka ngati yolembedwa ndi rula. Mbali ya malaya inali mano okhaokha, pena kulowa, pena kutuluka, pena sizasi italuma kawiri malo amodzi. Anayenda ndi chala msoko wonse mpaka pakati, n'kubwerera.

"Bwera udzaone," anauza Atate aang'ono. "Mkazi uyu wadya za sizasi zaka khumi ndi zisanu. Ngakhale atamwa mowa sangadule chonchi. Uku n'kudula kwa mwana." Anatembenukira kwa ine, ndipo maso awo kuseri kwa magalasi anali ofiira. "Iwe, gawo lako watenga kale. Usayembekezere china."

Nkhani ya mankhwala inathera pomwepo, koma kugawa katundu sikunathe. Ananyamula firiji, wailesi, mipando yonse ya pabalaza, sutikesi ndi zonse za mkati mwake, ndi bedi lalikulu la Amayi ndi Atate, ndipo bedilo analoza ndi Azakhali eniake, akuti mwana wawo wamkulu akukwatira. Amayi anaima pakhonde manja atapinda, akuonerera zinthu zikutsika masitepe. Pomaliza Atate aang'ono anavundukula nsalu ya pa makina osokera n'kugwira mbali imodzi. Ndinamva Amayi akukoka mpweya.

"Amenewo ndi anga," anatero Azakhali. "Iwe ku Katete ukasoka chiyani?" Atate aang'ono anayamba kutsutsa, koma Azakhali anali wamkulu, ndipo anali atawalera. Anasuzumira pawindo, kuyang'ana galimoto, n'kunena kuti yadzaza, makinawo angathyoke panjira, adzatumiza munthu akapeza thiransipoti.

Galimoto itapita, iwo sanapite. Anavula nsapato, anamanga chitenje m'chiuno, n'kundiuza kuti ndisolole ulusi wonse wotsala, ntchito ya masiku awiri. Tinachotsa zonse mpaka simenti. Nsalu iliyonse tinaipinda kanayi, iwo akulemba ndi sopo pakati ndi m'mbali. Tinatandikanso yapansi, njerwa m'malo mwake, bulangeti pamwamba, chizindikiro pa chizindikiro. Zigamba sanalole kuti tiziyale zonse kamodzi. Tinazipinda pawiri, mphindiro n'kuugoneka pa mzere wa malaya ndendende, kenaka n'kutambasula theka lina, kusalaza kuchokera pakati kupita kunja, kenaka linalo. Ankakweza m'mphepete kawirikawiri kusuzumira ngati wofiira akadali pamwamba pa malaya. Nthawi yonseyi sanalankhule ndi Amayi ngakhale kamodzi. Ankalankhula ndi ine, Amayi ali pomwepo: uza amako akoke ngodya iyo, uza amako asakoke kwambiri, funsa amako ngati ali ndi singano ina. Tinagwada atatu m'balaza lopanda mpando, masupuni atatu akulira pasimenti, ndipo dzuwa lisanalowe tinamaliza, popanda khwinya ngakhale limodzi. Anasamba m'manja, anakana chakudya, n'kupita kukakwera basi ya ku Chilenje.

Thiransipoti ija sanaipeze. Makinawo anandiphunzitsa sukulu mpaka ndinamaliza. Azakhali ankabwera kamodzi pachaka, nthawi ya Khirisimasi, ndipo asanakhale pansi ankavundukula nsalu, kupalasa kawiri katatu, n'kundifunsa ine ngati makina awo tikuwathira mafuta. Iwo ndi Amayi sanakhalepo mabwenzi. Mawu aja a pamaliro sanawabweze, ndipo sanapepese. Nditakula ndinkakonda kufotokoza nkhaniyi ngati ya mayi wachifundo amene anatipulumutsa, koma tsiku lina Amayi atandimva anandidula, amvekere, "Usaiwale kuti ndinagona pansi zaka ziwiri." Ndinachita manyazi, chifukwa zinali zoona, ndipo kuyambira pamenepo ndimanena zonse ziwiri. Munthu mmodzi yemweyo, tsiku limodzi lomwelo, anatilanda pogona n'kutisiyira chodyera, ndipo ndakhala zaka zambiri ndikuyesa kusankha kuti ndimuike mbali iti, osatha. Masiku ano akazi amasiye ambiri amadziwa kokadandaula, ndipo ndikuthokoza kuti ana anga sadzaona galimoto yotere pakhomo. Koma nthawi imeneyo ife tinalibe kothawira kwina kupatula mtima wa munthu amene sankatikonda.

Azakhali anamwalira ine ndili ndi ana awiri. Patatha mwezi, ana awo anaitana achibale ku Chilenje kudzagawa zovala, ndipo Amayi, atakalamba, ndodo m'manja, anaumirira kuti ndiwaperekeze. Zonse zitatha anaitanira pambali mwana wamkazi wa malemu n'kumuuza kuti ku Kabwata kuli makina osokera a amayi ake, atumize galimoto akatenge. Mayiyo anawayang'ana modabwa. Anati ali m'chipatala amayi ake anatchula katundu wawo yense, mpaka miphika, ndipo iye atafunsa za makina amene ankawamva kuyambira ali mwana, anamuyankha kuti iwo chibadwire sanakhalepo ndi makina osokera. Amayi anangoti, "Oo," n'kutsanzika. Tinayenda mpaka pokwerera basi, ndipo tili pamzere, pakati pa anthu ogulitsa chimanga chootcha, anaphimba nkhope ndi chitenje n'kulira kulira kumene sanalire pamanda pa Azakhali.